M'mphepete mwa Diso

Kachipinda kamene ndinagwiramo ntchito zaka 19 kanalibe zenera. Kanali kumapeto kwa khonde la chipatala china cha maso m'chigawo chapakati cha England, ndipo anzanga ankakatcha phanga. Munali mipando iwiri, kabati ya mapepala, ndi chimakina chooneka ngati beseni lalikulu loyera loimikidwa chilili. Wodwala ankatsamiritsa chibwano pakathabwa, diso limodzi nditaliphimba, n'kumayang'anitsitsa kadontho ka pakati pa beseni. Ine ndinkakhala kuseri, ndikusuzumira pakachubu kuti ndione ngati diso lake silikuyendayenda, uku dzanja likukoka kamkono kachitsulo koyendetsa kakuwala kuchokera m'mphepete mwa beseni kulowera pakati. Akakaona kakuwalako ankadina belu, ine n'kuika kadontho papepala. Tikazungulira beseni lonse ndinkalumikiza timadonthoto ndi pensulo, ndipo pankatuluka chithunzi chonga dzira, chosonyeza pamene diso limenelo limalekezera kuona. Azungu amati visual field. Ine mumtima ndinkati bwalo la diso.

Ntchitoyi palibe ankailimbirana. Ndinafika kuno mu 1996 ndili namwino wophunzira kwathu, wozolowera kubaya jakisoni ndi kutsuka mabala, ndipo anandipatsa phangalo chifukwa mlendo sakana ntchito. Diso limodzi linkadya mphindi 15 kapena 20. Ena ankasinza, ena ankadina belu asanaone kanthu pofuna kundikondweretsa, moti tinkayambiranso. Agogo anga akanati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinkadziwa kuti chaka chisanathe, madokotala a ubongo adzayamba kugogoda pachitseko cha phanga lija.

Luso loyeza bwalo la diso ndi lakale kuposa mankhwala onse a khunyu amene tikuwadziwa lero, ngakhale kuti lawaposa ndi chaka chimodzi chokha. Mu 1856 dokotala wa maso wa ku Berlin, Albrecht von Graefe, anafotokoza mmene ankayezera m'mbali mwa maso a odwala ake ndi zinthu wamba, bolodi ndi choko. Richard Förster wa ku Breslau anabweretsa chitsulo chokhota ngati uta mu 1869. Jannik Bjerrum wa ku Copenhagen, cha mu 1889, ankangogwiritsa ntchito kuseri kwa chitseko cha ofesi yake, ndipo ndi pachitseko pamenepo pamene anaonetsa mmene matenda a glaucoma amadyera diso. Beseni langa lija linapangidwa ndi Hans Goldmann ku Bern mu 1945. Onsewa ankalimbana ndi vuto limodzi: munthu sangakuuzeni chimene sakuchiona.

Yesani nokha. Tsinzinani diso lamanzere, tambasulani manja kutsogolo zala zazikulu zitaloza kumwamba, ndipo ndi diso lamanja yang'anitsitsani chala chamanzere. Sunthani chala chamanja pang'onopang'ono kupita kumanja. Penapake nsonga ya chalacho izimiririka, kenako iyambanso kuoneka. Aliyense ali ndi kamalo kakhungu kameneka, pamene mtsempha wa diso umatulukira kupita ku ubongo, ndipo wansembe wa ku France, Edme Mariotte, anakafotokoza kalekale m'zaka za m'ma 1660. Munabadwa nako, koma simunaonepo kadzenje kakuda m'maso mwanu. Ubongo umafotsera. Chimene diso lasiya kuona sichisanduka mdima, chimangokhala ngati kunkhongo kwanu, kumene simuonako koma simudandaula. Diso labwino limaona pafupifupi madigiri 90 kapena 100 kupita chakukhutu, 60 chakumphuno, 60 kumwamba ndi 70 pansi. Munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la bwalo limeneli koma n'kumawerengabe nyuzipepala.

Mankhwala a khunyu ali ndi mbiri yawo, ndipo yambiri ndi ya mwayi. Mu 1857 Charles Locock anauza madokotala anzake ku London kuti mchere wa bromide ukuchepetsa kugwa. Mu 1912 Alfred Hauptmann, dokotala wachinyamata ku Freiburg, anapatsa odwala ake phenobarbitone kuti azigona usiku, nayenso apeze tulo, n'kudabwa kuti ngakhale masana sakugwanso. Phenytoin anabwera mu 1938 atayesedwa pa amphaka ku Boston. Valproate anali chinthu chongosungunulira mankhwala ena mu labotale ya ku Grenoble, mpaka anthu anazindikira kuti chosungunuliracho ndiye chikuchiza. Koma vigabatrin, mankhwala amene anadzabweretsa madokotala a ubongo kuphanga kwanga, sanatoledwe panjira. Anachita kum'ganizira.

Mu ubongo muli chinthu chotchedwa GABA, chimene ntchito yake ndi kuziziritsa mitsempha kuti isamangophulika. Mulinso china, GABA transaminase, chimene chimaphwanya GABA akatha ntchito. Akatswiri a kampani ya Merrell ku Strasbourg anaganiza motere: tikatsekereza chophwanyacho, GABA achuluka, khunyu lizizira. Mu 1974 anapanga mankhwala ofanana kwambiri ndi GABA, ngati nyambo ya pambedza. Chophwanya chija chikawameza chimakodwa, osamasukanso, mpaka thupi lipange china. Nzeru yake inali yokoma, ndipo inagwiradi ntchito.

Vuto linaonekera msanga, koma pamalo ena. Makoswe, mbewa ndi agalu amene ankapatsidwa mankhwalawa nthawi yaitali ankatuluka timabowo tamadzi m'zokutira mitsempha ya mu ubongo. Mu 1983 boma la America linaimitsa kuyesa mankhwalawa pa anthu chifukwa cha zimenezi. Kuyambira pamenepo maso onse anali pa ubongo. Anajambula mitu ya odwala, anayeza liwiro la mitsempha, anaunika zidutswa za ubongo za amene anachitidwa opaleshoni, ndipo mwa akuluakulu timabowo tija sanatipeze. Mu 1989 Britain inaloleza mankhwalawa pa dzina lakuti Sabril. Panali chizindikiro china chaching'ono: makoswe oyera a maso ofiira ankawonongeka retina, kansalu ka mitsempha kamene kali kumbuyo kwa diso n'kumalandira kuwala. Koma makoswe amtundu wina, agalu ndi anyani sanasonyeze zimenezo, ndiye nkhaniyo inaoneka ngati ya makoswe oyera okha. Sindiwanena akatswiri aja. Mlenje amene wauzidwa kuti kambuku ali kudambo sayang'ana mumtengo.

Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa. Anthu miyandamiyanda ku Europe konse anamwa Sabril, ndipo ambiri amene mankhwala ena onse anawakanika anayamba kukhala miyezi osagwa. Kenako mu January 1997 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza lipoti lalifupi lochokera ku Leicester, la madokotala atatu, Eke, Talbot ndi Lawden. Linkanena za odwala atatu okha. Onse ankamwa vigabatrin, onse bwalo la maso awo onse awiri linali litafota kwambiri, ndipo atasiya mankhwalawo silinabwerere. Poyamba ena anati mwina ndi khunyu lenilenilo, mwina ndi mankhwala ena amene odwalawo ankamwa. Koma chipatala chilichonse chimene chinayamba kuyeza chinapeza zomwezo. Ku Kuopio, m'dziko la Finland, Reetta Kälviäinen ndi anzake anayeza anthu amene ankamwa vigabatrin yekha, popanda mankhwala ena. Mu 1999 analengeza kuti mwa anthu 32, anthu 13 bwalo linali litachepa, pamene mwa omwa mankhwala ena a khunyu otchedwa carbamazepine panalibe ndi mmodzi yemwe. Kapepala ka m'bokosi la mankhwalawa lero kamati vutoli limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo amuna ndi amene limawakonda kwambiri.

Ndinene pano kuti beseni langa linatsala pang'ono kutayidwa. Kuyambira mu 1984 zipatala zinkagula makina a kompyuta a Humphrey, amene amayeza okha n'kusindikiza zotsatira. Ndi makina abwino, ndipo ndinawagwiritsa ntchito zaka zambiri. Koma mayeso amene tinkachita tsiku ndi tsiku anakonzedwera glaucoma, ndipo ankangoyang'ana madigiri 24 kapena 30 a pakati. Vigabatrin amayambira kudya kunja, kumalire, n'kumalowera m'kati pang'onopang'ono ngati chiswe chodya mpanda. Wodwala wongoyamba kumene akanatha kupambana mayeso a pakati aja. Mkulu wina wa pantchito anali atalemba kale kuti beseni lichotsedwe, malo ake aikepo kabati. Makalata ochokera kwa madokotala a ubongo atayamba kugwa ngati mvula, sanatchulenso za kabati.

Mmodzi mwa oyamba amene ndinawayeza anali bambo wa zaka za m'ma 40, wosamalira maluwa m'mapaki a tauni. Anabwera ndi mkazi wake, atavala jekete yonunkha dothi, ndipo anakwiya kuti tamujombetsa kuntchito. Pabolodi la zilembo anawerenga mpaka mzere wapansi ndi diso lililonse.

"Mwaona, Sisitala? Maso anga ndi akuthwa kuposa anu. Mwandiitanira chiyani?"

"Khalani apa, bambo. Chibwano apa. Mukaona kuwala mudine."

Ndinayambitsa kakuwala kakakulu kwambiri kuchokera kumalire a chakumphuno. Pa madigiri 60 zii. Pa 50 zii. Ndinasuzumira pakachubu kuona ngati wagona, koma diso linali tong'o, likudikira. Pa 40 zii. Belu linalira kakuwala katafika chapafupi ndi 25. Ndinaganiza kuti babu lapsa, ndinaliyesa, linali bwinobwino. Nditamaliza maso onse awiri, mazira aja papepala anali ngati wina wawaluma mbali ya chakumphuno, ndipo kumwamba ndi pansi anali atafinyika. Chakukhutu kokha n'kumene kunatsala kotakasukako.

Chinsinsi cha matendawa chagona pamenepa. Mbali ya chakumphuno ya diso lamanja imaona malo amene diso lamanzere limawaonanso ndi mbali yake ya chakukhutu. Maso awiri akakhala otsegula, lina limakwirira manyazi a linzake. N'chifukwa chake ambiri sankadandaula kanthu mpaka zinthu zitafika poipa.

Ndinafunsa mayi aja ngati anaonapo chachilendo. Anayamba aseka. Anati bambowa angokhala aphuma masiku ano, amagunda mafelemu a zitseko, amagubuduza makapu patebulo, amapunthwa pa galu wawo yemwe, ndipo mumsewu anzawo amadandaula kuti amawadutsa osapereka moni. Akulankhula choncho kuseka kunatha, anagwira pakamwa.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. Bamboyo anali atagwa khunyu kuyambira ali mnyamata, ndipo Sabril ndi amene anamuimitsa. Ku Britain munthu wa khunyu akatha chaka chathunthu osagwa amaloledwa kuyendetsa galimoto, ndipo iye anali atatenga laisensi kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, n'kugula kagalimoto konyamulira zitsamba. Koma lamulo lomwelo limafuna kuti woyendetsa aziona madigiri osachepera 120 chopingasa. Mankhwala amene anamupatsa laisensi ndi omwe anamulanda. Potuluka anandifunsa ngati magalasi angathandize. Ndinati adokotala akufotokozerani, chifukwa ndi mmene tinkayankhira, koma yankho ndinkalidziwa. Magalasi amakonza kuwala kolowa m'diso, sadzutsa mitsempha yakufa.

Mmene mankhwalawa amawonongera retina akatswiri akhala akufufuza kuyambira nthawi imeneyo. Pa nyama zinaoneka kuti vigabatrin amaunjikana kwambiri mu retina kuposa mu ubongo, ndipo kuwala kwambiri kumakulitsa vutolo. Ofufuza a ku Paris anapeza kuti pa makoswe mankhwalawa amachepetsa taurine, chinthu chimene retina imadalira. Makina a OCT atabwera, amene amayeza kuchindikala kwa mitsempha ya kumbuyo kwa diso m'masekondi ochepa, tinayamba kuona ndi maso athu kuti mitsemphayo yapyapyala, makamaka mwa amene amwa mankhwala ochuluka kwa zaka zambiri.

Mu 1999 mayiko a ku Europe anakhwimitsa malamulo. Sabril aziperekedwa ndi katswiri yekha, kwa munthu amene mankhwala ena amukanika, ndipo maso aziyezedwa asanayambe kumwa komanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ambiri anasiyitsidwa. Ena, atauzidwa zonse, anasankha kupitiriza, ndipo ndikukumbukira mayi wina amene anandiuza kuti bola kuona dziko ngati akusuzumira mupaipi kusiyana ndi kudzukanso pansi m'sitolo atadzinyowetsa anthu akumuyang'ana. Ndinalibe choti ndimutsutse nacho. America, imene inaimitsa mankhwalawa poopa ubongo, inawaloleza mu August 2009, zaka 20 pambuyo pa Britain, ndi chenjezo lalikulu la maso pabokosi komanso lamulo loyeza maso miyezi itatu iliyonse.

Mwina mufunsa kuti bwanji sanangowaletseratu. Yankho lili mwa makanda, ndipo nkhani yake inayamba mu 1841. Chaka chimenecho dokotala wa ku Tonbridge, William James West, analembera magazini ya The Lancet kupempha thandizo, osati la wodwala wamba koma la mwana wake weniweni. Khandalo linayamba lili ndi miyezi inayi: mutu unkagwera kutsogolo mwadzidzidzi, mawondo n'kukwera, thupi n'kupindika ngati likupereka ulemu, kambirimbiri motsatizana. Mwana amene anali wansangala analeka kukula nzeru. Anamwalira mu 1860 ali ndi zaka 20, ali kumalo osungirako anthu olumala ubongo. Matendawa mpaka lero amatchedwa West syndrome, ndipo akachedwa kuthandizidwa amawononga ubongo wa mwana kwa moyo wonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Catherine Chiron ndi anzake ku Paris anaona kuti vigabatrin amaletsa kugwedezeka kumeneku, makamaka mwa ana obadwa ndi matenda a tuberous sclerosis, amene kwa iwo mpaka pano ndiye mankhwala oyamba. Kafukufuku wamkulu wa mayiko angapo wotchedwa ICISS anasonyeza mu 2017 kuti mwa makanda 100 olandira vigabatrin pamodzi ndi mankhwala a mahomoni, 72 kugwedezeka kunaleka, poyerekeza ndi 57 mwa olandira mahomoni okha.

Koma khanda silingadine belu. Mwana amafunika kufika zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi kuti akhale pabeseni n'kuyezeka modalirika. Kwa makanda tinkamata timawaya pafupi ndi maso n'kuthwanimitsa kuwala, makina n'kumalemba mmene retina ikuyankhira, ndipo mayeso amenewo sapereka chitsimikizo chonse. Tsiku lina mayi wachitsikana, wochokera kudziko lina la ku Africa ngati ine, anakhala pampando wanga mwana ali pamiyendo. M'chikwama munali timapaketi ta ufa wa Sabril, wosungunula m'madzi n'kumwetsa mwana ndi sirinji m'mawa ndi madzulo. Ataona khungu langa anatsitsa mawu.

"Anti, mukanakhala inu, mukanamupatsa?"

Sizinali za ine kuyankha, ndipo ndinamuuza kuti akambirane bwino ndi adokotala a mwanayo, amene masiku ano amayesetsa kupereka mankhwalawa kwa miyezi yowerengeka chabe. Koma anandiyang'anabe, ndiye ndinati, "Mwana wanga, ine ndikanamupatsa, ndipo tsiku loyeza maso sindikanajomba." Mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Ndinayankha choncho chifukwa ndinakulira m'nyumba ya khunyu. Mlongo wanga wamkulu anagwera pamoto ali ndi zaka 12, amayi atapita kumadzi, ndipo anthu amene anali pafupi anaima patali poopa kuti thovu la kukamwa liwapatsira. Zala zitatu za dzanja lake lamanja zinamatirirana mpaka imfa yake. Mankhwala ake anali phenobarbitone, yemwe uja wa Hauptmann wa 1912, timapiritsi toyera tokulungidwa m'kapepala. Mwezi umene tapezeka kuchipatala achimwene ankalima ndi kuseka, ngakhale ankakhala olefuka ndi tulo. Mwezi umene tasowa tinkagona khutu lili kwa iwo. Munthu amene waona zimenezi sangatukwane mankhwala a khunyu mopepuka. Akanati kuli mankhwala oletseratu kugwa koma odya m'mphepete mwa maso, ndikudziwa chimene amayi akanasankha. Chimene akanafuna n'chakuti awauze, ndipo wina aziwayeza.

Ndipo zimenezi si za Sabril yekha. Mu 2011 kunabwera mankhwala ena atsopano a khunyu, retigabine. Pofika 2013 zinadziwika kuti ena owamwa nthawi yaitali akusintha mtundu wa milomo ndi zikhadabo kukhala wobiriwira ngati thambo, ndipo retina nayo ikuchita mawanga. Ulendo uno anthu anachita changu, odwala anatumizidwa kwa ife mwamsanga, ndipo mu 2017 mankhwalawo anachoka pamsika. Kwathu nakonso tili ndi mankhwala odya maso amene timawadziwa bwino mayina. Kwinini akachuluka m'thupi salizitsa makutu okha, amatha kuchititsa khungu, ndipo kuona kukabwerera nthawi zina bwalo limatsala lofota ngati la bambo wa maluwa uja. Ethambutol, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amatha kuvulaza mtsempha wa diso, ndipo chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kusokoneza mtundu wofiira ndi wobiriwira. Chloroquine womwedwa zaka zambiri amawononga retina.

Ndinapuma ntchito mu 2015. Beseni lija analichotsa patapita nthawi pang'ono, chifukwa makina atsopano tsopano amayeza mpaka kumalire, ndipo amene ankadziwa kukoka kamkono kachitsulo tinali titatha. Ndinatenga pensulo imodzi yofiira.

Ngati inu kapena mwana wanu mukumwa vigabatrin, musasiye nokha, chifukwa kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa koopsa kumene kungathe kupha. Pitani kwa amene anakulemberani mukafunse kuti m'mbali mwa maso munayezedwa liti. Akakuuzani kuti muwerenge zilembo za pabolodi, werengani, kenako muwauze kuti mayeso amene mwabwerera si amenewo.